Pisitolo si salaula

Ife a mu Zambia tili ndi manja okonza zinthu, ndipo ulemu umenewo palibe angatilande. Jekete la salaula likakula, telala wa pamsika alicepetsa mpaka lioneka ngati anasokela ife. Corolla imene ku Japan anatopa nayo, kuno iyenda zaka zina khumi pa msewu wa Great East, makanika akungoisintha ici ndi ico. Foni yosweka ilowa mu Katondo Street m'mawa, pofika masana ituluka ilila. Kusowa kunatiphunzitsa kuti cinthu sicitayidwa cikali ndi mpweya.

Koma mtima umenewu wayamba kufika pamalo pamene sufunika. Pa YouTube ndi pa Facebook padzala mavidiyo a ku America a mtundu umodzi. Munthu agula pisitolo yakale yochipa, aiika pathebulo, aimasula yonse, asintha masipuling'i, apepukitsa trigger, kuti cala cikangoikhudza ilile, aipaka utoto watsopano, ndipo pothela akuuzani kuti iyi ndiyo nchito yabwino yoyambila munthu amene sanakonzepo mfuti. Mavidiyo amenewa tiwatumizilana m'magulu a WhatsApp. Aonelela ndi alimi amene ali ndi laisensi, eni masitolo, anyamata amene akali kulota zokhala ndi mfuti, ndi abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Texas kumene zida zake zigulika mosavuta.

Ife tikana. Pisitolo yakale si malo ophunzililapo manja. Aliyense amene auza munthu watsopano kuti ayambe ndi kusintha za m'kati mwa mfuti, amupatsa malangizo oipa, olo akambe mwaulemu bwanji.

Tiyambe ndi kumene mwambo umenewu wacokela. Ku America ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko mu 1791. Bungwe la Small Arms Survey linawelengela mu 2018 kuti anthu wamba kumeneko ali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Mfuti ziposa anthu. Pamsika wodzala conco, wamalonda sangadalile kugulitsa mfuti cabe. Afunika kukhutilitsa amene ali nayo kale kuti mfuti yakeyo ndi yopelewela, ifunika trigger ina, mpaipi wina, cogwilila cina. Ambili mwa opanga mavidiyo aja amadyela momwemo. Munthu amene adya mukagula kacitsulo sangakuuzeni kuti mfuti yanu ili bwino mmene ilili. Ndipo dziko limene tifuna kulitenga ngati mphunzitsi ndi lomwelo limene mu 2021 linataya anthu 48,830 ndi mfuti, opitilila theka odziombela okha. Sitikamba kuti onsewo anafa cifukwa ca mfuti zosinthidwa. Tikamba kuti wophunzila wanzelu ayang'ana pakhomo pa mphunzitsi asanakopele zocita zake.

Lomba tione cinthu ceniceni. Pisitolo yodzilowetsa yokha cipolopolo si gogodela wa agogo, uja wothila wonga kukamwa ndi kusinja ndi kamtengo. Ikalila, mphamvu ya wonga ikankhila m'mbuyo mbali yapamwamba, ija aicha slide. Pobwelela m'mbuyo itaya cikhokho ca cipolopolo cimene caombedwa, ndipo sipuling'i iibweza kutsogolo itatenga cipolopolo cina m'magazini ndi kucilowetsa mumpaipi. Zonsezi zicitika diso lisanaphethile. Kuti ziyende bwino, kulemela kwa slide, mphamvu ya masipuling'i ndi mphamvu ya cipolopolo zifunika kumvana. Opanga anaziyeza pamodzi. Mukasintha cimodzi mwasokoneza zinzake zimene simunazikhudze.

Mfuti yosokonezeka ilakwa m'njila ziwili. Ingakane kulila pamene muifuna, kapena ingalile pamene simuifuna. Motoka ikakana kulila, mutsika ndi kukankha. Foni ikafa, mubweleka ya mnzanu. Koma cipolopolo ca 9mm cituluka pa liwilo la mamita oposa 300 pa sekondi imodzi, ndipo citseko ca mapulanga kapena cipupa ca malata sicingaciimitse. Kuseli kwa cipupaco kugona mwana.

Cimene anthu atsopano athamangila kwambili ndi trigger. Akuti ya kufakitale ndi yolimba, ilepheletsa kulasa pakati. Tsono agula yopepuka, kapena atenga tupa ndi sandipepa kukwecha tizitsulo ta m'kati. Tizitsulo timeneto ndito tigwila mfuti kuti isalile yokha, ndipo pa mapisitolo ena malo ogwilanawo safika ndi milimita imodzi yomwe. Pang'ono pamene mwakwecha, pamene maso anu sangaone kusiyana, ndi pomwe panali moyo wa munthu. Citsulo cokwechedwa sicibwelela.

Kulimba kwa trigger si kulakwa kwa opanga. Glock ya masiku onse ifuna kukokedwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu awili ndi theka. Apolisi a mumzinda wa New York kwa zaka zambili anali kulimbitsa dala ma trigger ao kufika pa makilogalamu oposa asanu, poopa kuti wapolisi wocita mantha angaombe asanafune. Mu 2021 anaganiza zopatsa apolisi atsopano yopepukilapo, kuti azilasa bwino. Ena amagwilitsa nchito nkhani imeneyi kuti aonetse kuti yopepuka ndiyo yabwino. Koma onani bwino. Iwo anabwelela ku muyezo wa kufakitale, sanatsikile pansi pake, ndipo anatelo atayesa pa apolisi ambili pamalo ophunzitsila. Sanacite kumvela mnyamata wa pa vidiyo. Munthu akadzidzimuka usiku agalu ali kuuwa, manja ake anjenjemela ndipo zala zifinya zokha. Trigger yopepuka inapangidwila mpikisano, pamene woomba ali phee masana, cinthu colasa cili pepala. Kuibweletsa kucipinda cogona ndi kuchela msampha panjila imene mupitapo mweni wake.

Citsanzo cina ndi Browning Hi-Power, pisitolo imene inayamba kupangidwa ku Belgium mu 1935 ndipo inafalikila m'magulu a asilikali a maiko ambili amene analamulidwa ndi Britain. Ili ndi kacitsulo kamene kailetsa kulila ngati magazini yacotsedwa. Okonda kusintha mfuti amakonda kukacotsa, ati kalemeletsa trigger. Koma kanaikidwa cifukwa ca kulakwa kumene anthu abweleza kuyambila kale: munthu acotsa magazini, aganiza kuti mfuti ilibe kanthu, aiwala cipolopolo cimodzi cimene catsala mumpaipi. Akatswili angatsutsane za ubwino wa kacitsulo kameneka, ndipo amatsutsanadi. Koma munthu amene wagwila pisitolo miyezi iwili cabe ndiye woyamba kuiwala cipolopolo cija. Iye ndiye womaliza amene afunika kukacotsa.

Mwina mukuti tikuopsezani cabe. Tsono tiyeni tione zimene zinacitikila akatswili enieni. Mu 2000, opanga pisitolo ya Vektor CP1 ku South Africa anaitanitsa mfuti zao kuti zibwezedwe, cifukwa zinapezeka kuti zingalile zikagwa pansi. Mu 2017, caka comweco cimene asilikali a America anasankha pisitolo ya SIG Sauer P320, kunadziwika kuti imene inali kugulitsidwa kwa anthu wamba ingalile yokha ikagwa mwa njila ina yake. Kampaniyo inapempha eni ake kutumiza mfuti zao kuti zikakonzedwe kwaulele, ndipo mwa zimene inasintha munali kulemela kwa citsulo ca trigger ceniceni. Magalamu ocepa a citsulo anali okwanila kuliza mfuti popanda cala. Awa ndi makampani okhala ndi mainjiniya, makina oyezela ndi zipinda zogwetselamo mfuti dala kuti aone cimene cicitike. Ngati iwo anaphonya, inu pakhonde ndi sikuludilaiva, tupa ndi foni yotsamila pa kapu ya tiyi mudzadziwa bwanji kuti mwakhoza? Fakitale ikalakwa iitanitsa katundu wake. Inu mukalakwa mudzaitanitsa ndani?

Apo takamba za mfuti iliyonse. Yakale ili ndi zake zapadela. Simudziwa zipolopolo zingati zinadutsamo. Simudziwa ngati inagona m'cinyontho mpaka dzimbili kudya m'kati. Simudziwa ngati mwini wake woyamba analinso wokonda mavidiyo, ndipo anakwecha kale zimene inu mufuna kukwecha. Kuika zitsulo zatsopano pa mfuti yotele kuli ngati kuika malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi ciswe. Kunja kuwala, m'kati mwatha.

Simudziwanso kumene inayenda. Dziko lathu silinamenyepo nkhondo yapaciweniweni, koma anansi athu anamenya. Ya ku Mozambique inatha mu 1992, ya ku Angola mu 2002, ndipo kum'mawa kwa Congo mfuti zikali kulila. Zida za nkhondo zimenezo zinadutsa malile, ndipo zina zikali kuyenda m'manja mwa anthu. Ndiye cifukwa cake maiko a SADC anasaina pangano loyang'anila mfuti ku Blantyre mu 2001, limene mwa zina lifuna kuti mfuti ziikidwe zizindikilo ndi kulembedwa m'kaundula. Kuno kwathu lamulo la Firearms Act, Cap 110, silola munthu kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo mfuti yololedwa imadziwika ndi mtundu wake ndi nambala yake. Pisitolo yochipa modabwitsa, yogulitsidwa kuseli kwa bala popanda pepala, si mwai. Ndi mlandu wa munthu wina umene mwalipila ndalama kuti ukhale wanu. Mpaipi uliwonse usiya zipsela zake pa cipolopolo, ndipo akatswili a apolisi amatha kuziwelenga. Ngati mfutiyo inaphapo munthu ku Kitwe, tsiku limene idzapezeka m'kabati mwanu mudzafotokoza ndinu.

Abale athu okhala ku South Africa adziwe kuti kumeneko lamulo linachula zinthu ndi maina. Firearms Control Act ya 2000 iletsa munthu amene alibe laisensi ya wokonza mfuti kusintha kutalika kwa mpaipi, kusintha kukula kwa cipolopolo cimene mfuti idya, kukhudza nambala yake, kapena kuipangitsa kuomba kangapo pa kukoka kumodzi. Mnyamata wa pa vidiyo ali ku dela la America kumene zina mwa izi sizifuna cilolezo. Iye sadzabwela kudzaimilila nanu pa khoti ku Lusaka kapena ku Pretoria. Ndipo tsiku limene mfuti yanu yavulaza munthu, olo mukhale ndi mapepala onse, loya wa boma adzafunsa funso limodzi losavuta: anasintha trigger iyi ndani, ndipo anaphunzila kuti? Yankho lakuti munaonela pa foni silidzakuthandizani.

Tidziwa zimene otitsutsa amayankha, ndipo tiwayankhe mmodzimmodzi.

Woyamba akuti mfuti ndi yanga, ndalama ndi zanga, ndicita nayo zimene ndifuna. Jekete ndi lanu ndithu, mukalidula molakwa mudzavala nokha manyazi ake. Koma mfuti ikalila molakwa sisankha mwini wake. Ipeza mkazi wanu ali kusesa, wanchito ali kuyala bedi, mwana wa neba ali kusewela kuseli kwa mpanda. Cinthu cimene kulakwa kwake kulipilidwa ndi anthu ena si canu nokha. Boma lomwe likupatsani laisensi pokhulupilila kuti mudzaisunga bwino, osati kuti mukaphunzililepo umisili.

Waciwili akuti katswili aliyense anayambila penapake. Zoona, koma anayambila pati? John Browning, amene anapanga M1911, pisitolo imene asilikali a America ananyamula kucokela mu 1911 mpaka mu 1985, anakulila m'shopu ya atate wake ku Ogden, amene analinso wokonza mfuti. Anaphunzila pali munthu womuyang'anila. Gaston Glock wa ku Austria sanali wa mfuti poyamba, anali kupanga mipeni ndi zitsulo zokolekapo makatani. Koma atafuna kupanga pisitolo anasonkhanitsa anthu odziwa, ndipo Glock 17 isanalandilidwe ndi asilikali a dziko lake mu 1982 inadutsa m'mayeso oomba zipolopolo zikwizikwi. Ngakhale kwathu kuno, mnyamata wa pagalaji sayamba ndi mabuleki a basi yodzala anthu. Ayamba ndi kutsuka masipanala. Amene afunadi umisili wa mfuti apite kwa wokonza mfuti wololedwa ndi boma, akapemphe kuphunzila. Safunsa anadya phula.

Wacitatu akuti mfutiyo sikwana m'dzanja lake, kapena maso ake saona bwino tizitsulo toloza. Apa pali mfundo, ndipo sitiikana. Cogwilila cokula kapena cocepa civutadi, ndipo maso a munthu wa zaka makumi asanu si a mnyamata. Zimenezi zingakonzedwe. Koma akonze ndi munthu wa nchito yake, mutafunsa kaye apolisi oona za mfuti ngati kusinthako kuloledwa pa laisensi yanu, ndipo mutaomba nayo kokwanila kuti mudziwe cimene civuta. Ambili afuna kusintha mfuti imene sanaombepo ngakhale bokosi limodzi la zipolopolo. Adziwa bwanji kuti yolakwa ndi mfuti, osati dzanja?

Wacinai akuti akuba alipo, ndipo afuna mfuti yabwino koposa yotetezela banja. Mantha amenewo ndi oona. Amene anathyoleledwapo nyumba usiku, kapena mlimi amene khola lake analipeza lopanda kanthu m'mawa, sitingamuseke. Koma ngati colinga ndi citetezo, mfundo yake ili kumbali yathu. Mfuti yotetezela banja ifunika kulila nthawi zonse pamene yakokedwa, ndi kukhala cete nthawi zonse pamene sinakokedwe. Yoteloyo ndi ija imene ili mmene inacokela kufakitale, yoonedwa ndi katswili, yotsukidwa. Utoto wa golide suthamangitsa wakuba.

Ngozi zambili za mfuti sizicokela m'zitsulo, zicokela m'mutu ndi m'zala za woigwila. Kumbukilani Oscar Pistorius. Mu January 2013, m'lesitilanti ina ku Johannesburg, mnzake anamupatsila Glock kunsi kwa thebulo kuti aione, ndipo inalila m'manja mwake pali anthu ambili ali kudya. Mwamwai palibe anafa, koma khoti linadzamupeza ndi mlandu pa zimenezo. Patapita milungu yocepa, pa 14 February, anaombela kanai pa citseko ca cimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria ndi kupha Reeva Steenkamp. Anali munthu wokonda mfuti, wodziwa maina ndi mitundu yake. Cimene analibe sicigulitsidwa m'sitolo ya zida. Analibe kudziletsa.

Tsono ngati mwagula pisitolo yakale mwalamulo ndipo manja akuyabwa kufuna nchito, nchito ilipo yambili. Yoyamba ndi mapepala: nambala ya pamfuti ifanane ndi ya pa laisensi, ndipo kusintha kwa umwini kudutse kwa apolisi. Yaciwili, ipelekeni kwa wokonza mfuti wololedwa aione m'kati monse, ndipo ngati pali cotha, aikemo ca mtundu womwewo wa opanga. Yacitatu, ndalama imene munasungila trigger yatsopano mugulile bokosi lacitsulo lokhoma, lomangililidwa kucipupa, kiyi muzisunga pathupi panu. Pansi pa pilo si posungila mfuti, ndipo pamwamba pa kabati ana afikapo ndi mpando. Yacinai, yotsalayo ipite ku zipolopolo zophunzilila ndi kwa mphunzitsi pamalo oombela ololedwa. Kumeneko mukaphunzile mpaka thupi lizolowele kutenga mfuti iliyonse ngati ili ndi cipolopolo, kusailozetsa pa cinthu cimene simufuna kuononga, kusunga cala kutali ndi trigger mpaka mutatsimikiza kuomba, ndi kudziwa cimene mulasa pamodzi ndi cimene cili kuseli kwake. Phunzilaninso kuitsuka monga buku la opanga likambila, osapitilila apo. Yomaliza ndiyo yovuta koposa: khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu mugwilizane kuti tsiku la mowa, la mkangano kapena la kusweka mtima, kiyi ija ikhala kwa wina. Izi sizioneka bwino pa vidiyo, ndipo palibe adzakuombelani m'manja. Koma ndizo zisiyanitsa mwini mfuti ndi mwana wopatsidwa coseweletsa.

Makolo athu m'cigwa ca Luangwa anali ndi mfuti kalekale, ndipo sanaitenge mopepuka. Mnyamata anali kutsata mlenje wamkulu m'thengo nthawi yaitali, atanyamula nkhwangwa ndi nyama, asanaloledwe kuliza gogodela. Ulenje unali ndi miyambo ndi zoletsa zake, ndipo mfuti sinali yoonetsela pamowa. Iwo analibe intaneti, koma anadziwa kuti cinthu cokhoza kupha ciyamba ndi kuopedwa. Ife amene tili ndi mavidiyo zikwi m'thumba tataya nzelu imeneyo ndi kuicha yacikale.

Conco tipempha oyang'anila magulu a WhatsApp a alimi ndi a zamalonda kuti vidiyo yotele ikafika, asangoisiya idutse ndi tizithunzi ta moto. Wina ayankhe. Ogulitsa mfuti ololedwa, kasitomala watsopano akafunsa trigger yopepuka, mufunseni kuti waomba kangati ndi imene ali nayo. Ndipo ife amalume, azakhali ndi akulu a mpingo, mwana wathu akayamba kunyadila pisitolo imene wamasula pathebulo lodyela, tisacite manyazi kumuuza kuti aibweze m'bokosi ndi kupita nayo kwa odziwa. Adzakwiya, koma mkwiyo utha. Madzi akatayika sayoleka, ndipo pamalilo palibe amene amafunsa kuti mfutiyo inali ya utoto wanji.